Nsapato za Pashelefu Yapansi

4 Febuluwale

Mwana wanga,

Landira moni. Kuno tili bwino, kupatula msana wanga umene ukuudziwa kale. Mlongo wako ali bwino, ana a sukulu sanamumalize. Nanga iwe uli moyo? Ndikufunsa chonchi chifukwa miyezi itatu yakwana uli zii. Foni yako imangoyankhidwa ndi mayi uja wonena kuti nambala sikupezeka, ndipo mayi ameneyo ndatopa naye. Ndiye ndabwerera ku pepala ndi cholembera. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa kuti akaisiye pagolosale ya pansi pa chipinda chako.

Sindikupempha ndalama, usachite kubisala. Ndikufuna zinthu ziwiri, nkhani ndi guluu. Guluu wa kuno masiku ano ndi madzi enieni. Ukamata soli m'mawa, madzulo mwini wake wabwera nayo nsapato itayasama ngati ikufuna kundiluma. Undipezere wa m'chitini kumzindako.

Ntchito ikuyenda bwanji ku ofesi ya mapulani a nyumba? Aliyense wofika pashedi panga ndimamuuza kuti mwana wanga amajambula nyumba zosanja atakhala pampando wozungulira. Telala wa pafupi nane wayamba kupalasa makina mwamphamvu ndikangoyamba nkhaniyi. Apalase. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuweramira mapazi a anthu, kununkhiza zimene ngakhale akazi awo salola kununkhiza, kuti iwe usadzagwire nsapato ya munthu wina. N'chifukwa chake sindinkakulola kulowa m'shedi muno, ngakhale mvula ikukunyowetsa pakhomo.

Nsapato zakuda zija ndinakusokera polandira digiri uzizipaka polishi Loweruka lililonse. Soli yake ndinaika yoti munthu wa mu ofesi ayendere zaka zisanu asanaione kutha. Usazisiye padzuwa.

Yankha, ndisachite kukutumizira azakhali ako.

Ndine bambo ako.

19 Febuluwale

Achimwene,

Moni kwa inu ndi mwana wathu mphunzitsiyo. Ine ndilipo, koma miyendo ndiyo ikundisowetsa mtendere. Musanawerenge mopitirira, khalani pansi ndipo nyundo muiike patali.

Lachiwiri lapitali ndinapita kuchipatala cha maso. Pobwerera ndinatsika pasiteji yolakwika, cha m'ma leveni koloko m'mawa, n'kungopezeka ndaima pageti la chinyumba choyera chokhala ndi mbendera yachikasu pamtengo wautali. Azibambo a ndevu, nduwira kumutu, akulowa ndi kutuluka. Pambali pa getilo pali chipinda cha mashelefu okhaokha, ndipo m'mashelefumo muli nsapato, osati khumi, mazana. Aliyense akafika akuvula, akupereka pawindo, akulandira kachitsulo ka nambala.

Achimwene, pawindopo panali mwana wanu. Inde, wa digiri yemweyo. Kansalu kumutu, ndevu zili nyankhalala, kasanza m'manja, akupukuta nsapato ya mayi wina wosamudziwa n'komwe. Musanene kuti ndi maso angawa, chifukwa magalasi anali atsopano a tsiku lomwelo. Ndinawavula, ndinawapukuta, ndinawavalanso. Yemweyo.

Ndinamuitana ndi dzina lake lapakhomo. Anadzidzimuka mpaka nsapato inagwa. Kenako, mmalo mochita manyazi, akuti: “Azakhali, vulani mulowe, chakudya chapsa.” Ine kudya zinthu zosadziwika pemphero lake? Ndinamuuza kuti ndakhuta, ngakhale m'mimba munali mukulira. Nditamufunsa kuti walowa chipembedzo chanji, anayamba kufotokoza zambirimbiri, koma basi inafika.

Waonda, achimwene. Khosi langotsala chingwe. Ine ndikuona kuti ndi kusala kudya kwa chipembedzo chatsopanocho. Sindinauze munthu, kupatula amayi a m'gulu lathu la mapemphero kuti azimupempherera.

Ndine mlongo wanu.

24 Febuluwale

Iwe,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, osati chifukwa ndikufuna. Azakhali ako andilembera. Kalata yawo ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinadzikhoma chala ndi nyundo.

Ndiuze kuti akunama. Ndiuze kuti pali munthu wina kumzindako wofanana nawe mphuno ndi makutu. Chifukwa ngati ndi iweyo, ndiye kuti ine ndinangotaya zaka makumi atatu ndi zinayi. Malemu amayi ako ankati ndikuuma mtima pokuthamangitsa pakhomo la shedi. Ine ndinkati mwanayu manja ake ndi a cholembera. Lero wakwera basi ulendo wa tsiku lathunthu kukachita kumzinda ntchito imene ndinakubisira pakhomo pako pomwe. Mwinanso ukuichita ulere, pamene ine ndimalipiritsa!

Za chipembedzozo ndiye mutu wanga sukugwira. Kodi ndi anthu anji amenewo? Ndevuzo wasungira ndani? Kansalu kakumutuko ndi ka chiyani? Unabatizidwa ine ndikuona, unalira tchalitchi chonse mpaka abusa anafupikitsa pemphero. Tsopano amayi a gulu la azakhali ako akukupempherera motchula dzina, ndipo nkhani yafika kale kuno. Dzulo telala anaimitsa makina n'kundifunsa kuti: “Kodi mpando wozungulira uja ukuzungulirabe?”

Undiyankhe mafunso anayi, ndipo usandiyankhe ngati loya. Ndi chipembedzo chanji? Walowa kapena sunalowe? Abwana ako a ku ofesi akudziwa kuti umapukuta nsapato za anthu? Nanga guluu wanga ali kuti?

Bambo ako, ngati ukuwakumbukira.

10 Malichi

Bambo,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse. Ndikhulupirira chala chapola ndipo msana ukukupatsaniko mpata. Achemwali muwapatse moni. Pepani pochedwa kuyankha, makalata anu onse awiri ndawatenga tsiku limodzi. Foni ndilibe pakadali pano.

Azakhali sananame, koma anaona ndi maso okha. Anthuwa amatchedwa Asikhi. Si Asilamu, ndiponso si Ahindu, ngakhale anthu ambiri amawasokoneza. Chipembedzo chawo n'choima pachokha, ndipo chinayamba zaka zoposa mazana asanu zapitazo. Amapembedza Mulungu mmodzi, alibe mafano. Anali ndi aphunzitsi khumi otsatizana, ndipo wakhumiyo ananena kuti iye akapita, mphunzitsi adzakhala buku lawo lopatulika. Chiphunzitso chimene ndimamva kawirikawiri ndi chakuti munthu azikumbukira Mulungu, azidya thukuta lake, ndipo azigawana ndi ena. Ndikuona kuti pamenepa inu simungakangane nawo.

Sindinalowe. Lamlungu ndimapitabe kutchalitchi. Tsiku lina ndinafunsa ngati akuyembekezera kuti ndidzalowe, mkulu wina anaseka n'kundiuza kuti ndiyambe ndakhala Mkhristu wabwino, ntchito imeneyo ndi yokwana moyo wonse. Kansalu kakumutu amavala aliyense wolowa m'kachisimo, ngakhale mlendo wa tsiku limodzi.

Pakachisipo pali khitchini yosatseka. Amaphika mphodza ndi chapati tsiku lililonse, ndipo aliyense wofika amadya. Onse amakhala pansi pamzere umodzi, wa galimoto ndi wa miyendo. Palibe amene amakufunsa dzina, mpingo, kapena chifukwa chimene wabwerera. Bambo, chinthu chimenechi ndi chachikulu kuposa mmene ndingachilembere.

Za nsapato, ndikudziwa kuti zakupwetekani. Koma kuno ntchito imeneyi anthu amachita kulimbirana. Amene ndimakhala naye pawindo ndi dokotala wa mafupa, mkulu wa ndevu zoyera, amene anthu amamudikira miyezi kuti awaone. Akamaliza kuchipatala amabwera kudzapukuta nsapato za alendo. Amati fumbi la nsapato za anthu limachotsa matama. Palibe amene amalipidwa.

Za ndevu ndi zina ndidzafotokoza tikadzaonana. Guluu ndikuyang'anabe wabwino. Nsapato zija ndimapaka polishi Loweruka lililonse, sindinaphonyepo.

Ndine mwana wanu.

21 Malichi

Mlongo wanga,

Moni wako ndalandira, koma ukanadziwa zimene kalata yako yandibweretsera, bwenzi utatumizanso mankhwala a mutu. Ndikulemba ndili m'kalasi nthawi yopuma, chifukwa kunyumba kulibe pokhalira.

Bambo asanduka wapolisi wofufuza zipembedzo. Anayamba ndi telala, poti ndi Msilamu. Telala anawerenga kalata yako n'kunena kuti: “Anthu abwino, koma si athu.” Anapita kwa mwini sitolo yogulitsa zitsulo, Mhindu uja. Iyenso akuti: “Timawadziwa bwino, koma si athu.” Anafika kwa abusa, abusa anakanda mutu n'kulonjeza kuti akaona m'mabuku, mpaka lero akuonabe. Bambo anabwerako atafiira maso, akuti mwana wawo wakapezeka kuchipembedzo chopanda mwini.

Kenako anatembenukira kwa ine, poti ndimaphunzitsa za zipembedzo. Anandilamula kuti ndibwere nacho kunyumba tchati cha pakhoma la kalasi yanga. Ukuchikumbukira, chija cha mabokosi asanu: Chikhristu, Chisilamu, Chihindu, Chibuda ndi Chiyuda. Anayendetsa chala bokosi ndi bokosi. Asikhi ako tinakawapeza pansi penipeni, m'kabokosi kolembedwa kuti “Zina”, pomwe ana amapakapo mamina. Nditafufuza ndinapeza kuti alipo oposa mamiliyoni makumi awiri, kuposa ena amene ali ndi bokosi lawolawo pamwamba. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuphunzitsa ndi tchati chimenechi osafunsapo. Manyazi amenewo wandigwiritsa ndiwe, zikomo kwambiri.

Bambo akuti matchati ndi a anthu osadziwa kanthu, iwo chipembedzo cha munthu amachidziwira kunsapato. Akuti ya Msilamu imaphwanyika kumbuyo chifukwa chovula kasanu patsiku. Ya Mkhristu wogwada imakalika kutsogolo. Ya munthu wosapemphera imatha mbali imodzi chifukwa choyenda mopepesuka Loweruka. Koma ya Msikhi sanaionepo, ndiye sakugona nazo tulo.

Tsopano ndimve ine. Kalata yako ndi yokoma, ikanakhala ya mayeso ndikanakupatsa zonse. Koma bambo anafunsa mafunso anayi, iwe wayankha atatu. Ndipo azakhali anakuona Lachiwiri, leveni koloko m'mawa. Ofesi yanji imene imatulutsa anthu Lachiwiri m'mawa kuti akapukute nsapato? Bambo sanaione mfundo imeneyi chifukwa mkwiyo wawatseka m'maso, ndipo ine sindinawauze. Koma ine si bambo. Ukubisa chiyani?

Mawu otsatirawa andiuza kuti ndilembe monga awayankhulira. Akuti pa 8 Epulo akukwera basi. Akadzakupeza pawindo limenelo, adzakuvula nsapato zimene anakusokera n'kubwerera nazo, ndipo kuyambira tsiku limenelo bambo ako adzakhala dokotala wa mafupayo. Ukuwadziwa, tikiti agula kale ndipo aisunga m'chitini cha misomali.

Ndine mlongo wako, amene zamukwana.

30 Malichi

Achemwali,

Moni. Ndikulemba mothamanga kuti ndipeze dalaivala asananyamuke.

Chonde agwireni bambo asabwere. Bisani tikitiyo, auzeni kuti msewu waduka, chitani chilichonse. Mwafunsa funso loyenera, koma sindingathe kuliyankha papepala limene iwo angalipeze. Ndipatseni mwezi umodzi wokha. Pali chinthu chimene ndikuyembekezera mwezi wa mawa, chikatheka ndidzabwera ndekha kudzafotokoza zonse. Sindinabe, sindinamangidwe, sindikudwala. Koma asandione panopa, makamaka asaone nsapatozo.

Mlongo wanu.

9 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako yafika lero. Dalaivala anaiiwala m'thumba la jekete limene anapereka kochapitsa. Bambo ananyamuka dzulo m'mawa, atavala suti ya maukwati ija, ndi thumba lopanda kanthu loti adzanyamuliremo nsapato zako. Pamene ukuwerenga izi ndiye kuti mwaonana kale. Mulungu akuthandize, wa bokosi lililonse limene angakumvere msanga.

Mlongo wako.

12 Epulo

Mwana wanga wamkazi,

Moni. Ndinafika bwino, ngakhale basi ija mipando yake anaipangira anthu opanda msana. Pashedi pali bwanji? Telala akuyang'anirapo, kapena akungolondera nkhani? Werenga kalatayi wekha, azakhali ako asaimve, chifukwa gulu lawo la mapemphero lili ndi ntchito yokwanira kale.

Nditatsika ndinalunjika kuchipinda cha mlongo wako. Mwini golosale anandiyang'ana ngati ndachokera kumwezi. Akuti mnyamatayo anatuluka m'chipindamo mu Novembala, amangobwera kudzatenga makalata. Ndinapsa mtima kawiri. Ndinati basi, anthu a nduwira aja amusamutsa.

Kachisiyo sanavute kupeza. Pawindo la nsapato sindinapeze mlongo wako, ndinapeza mkulu wa ndevu zoyera mpaka pachifuwa. Ndinadziwa kuti ndi dokotala uja, mnzanga wolimbirana naye mwana. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzapemphera, ndabwera kudzatenga katundu wanga. Iye akuti: “Takulandirani, bambo. Vulani nsapato.” Ndinati sindivula. Akuti: “Ndiye tiyankhulane pompano, ine ndilibe changu.” Anthu anayamba kuunjikana kumbuyo kwanga nsapato zili m'manja, onse akudikira mwaulemu wopsetsa mtima. Ndinavula. Anazilandira ndi manja awiri, n'kuzitembenuza, n'kunena kuti: “Kasokedwe aka ndikukadziwa. Ndinu bambo ake.” Anandimanga kansalu kumutu n'kunditsegulira chitseko cham'mbali. Ine ndi suti yanga, kansalu kumutu, masokosi obooka chala chachikulu. Ukauza munthu zimenezi, si iwenso mwana wanga.

Mlongo wako anali atatumidwa kukhitchini kukanyamula matumba a ufa. Ndinati bwino, nditenge nsapato zanga ndizipita tisanaonane. Dokotala anandilozera shelefu yapansi pakona, pomwe ogwira ntchito m'chipindamo amaika zawo.

Ndinaziona ndili patali. Zinali phuliphuli, polishi wake wopaka bwino mpaka m'mphepete mwa ulusi. Apo sananame. Ndinazinyamula, ndipo monga ndimachitira ndi nsapato iliyonse yofika m'manja mwanga, ndinazitembenuza.

Mwana wanga, soli ija ndinati ya zaka zisanu. Yatha psiti, zonse ziwiri. Pakati pali zibowo zoti dzira n'kudutsa, ndipo m'kati anaikamo katoni ya bokosi la sopo, yodula bwinobwino ndi lumo motsata phazi, ngati pulani ya nyumba. Zidendene zadyeka mpaka misomali ikuoneka. Ine ndagwira nsapato za anthu a mu ofesi zaka zonsezi, zimatha pamwamba popindika, pansi pamakhala patsopano. Izi ndi nsapato za munthu woyenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku, khomo ndi khomo, wopanda ya basi. Palibe amene anandiuza kanthu. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, nsapato zili pamiyendo.

Dokotala anakhala pambali panga. Kenako anandiuza zimene akudziwa. Ofesi ya mapulani ija inatsekedwa mu Okutobala. Mlongo wako anagulitsa foni, kenako anataya chipinda. Tsiku loyamba anaima pageti la kachisiyu maola awiri, fungo la chakudya likumupeza, iye akuopa kulowa poganiza kuti akamufunsa za mpingo. Anamulowetsa, anadya, ndipo anamupatsa pogona m'chipinda cha alendo. Ndevu zimene zatisokoneza tonse zija si za chipembedzo, ndi za munthu amene ndalama ya kometa anaisungira mapepala ofunsira ntchito. Kuonda kuja azakhali ako anakuona ndi kwabwino, akuti mu Novembala anali theka la pamenepo.

Patatha sabata ziwiri anakana kudya ulere, anapempha ntchito. Anamuonetsa mapoto, anamuonetsa anyezi, anamuonetsa tsache. Iye analoza chipinda cha nsapato. Atamufunsa chifukwa, akuti anayankha kuti: “Bambo anga ndi osoka nsapato, ndipo palibe wowaposa. Koma sanandilolepo kugwira ngakhale imodzi.”

Pamenepo ndinalira, ndikuvomera. Ndinalira m'chipinda cha nsapato za anthu osawadziwa, dokotala wa mafupa akundisisita msana pamalo penipeni pamene pamapweteka.

Mlongo wako atalowa ali mbuu ndi ufa, anandiona, anaona nsapato zili chagada m'manja mwanga, ndipo anangoti: “Bambo.” Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti: “Mukanamuuza chiyani telala?” Ndinafuna kumumenya ndi nsapato yomweyo. Miyezi isanu mwana wanga akuvutika mobisa kuopa telala! Koma mpando wozungulira uja ndinaukhoma pamutu pake ndine, ndiye ndikanamenya ndani?

Tinakadya. Tinakhala pansi pamzere, kumanja kwanga mayi wovala zagolide, kumanzere bambo wina amene fungo lake linandiuza kuti amagona kumsika. Wogawa chakudya sanasiyanitse chipande. Kudzuka pansipo ndiye inali nkhondo, anachita kundikoka anthu awiri.

Tsopano imva chimene chandikwiyitsa zenizeni. Anthuwa mtima ali nawo, koma nsapato sazidziwa. Kasanza kamodzi konyowa akupukutira chikopa, nsalu ndi pulasitiki yomwe! Dokotala wathunthu, wodziwa fupa lililonse la phazi, akupaka madzi pachikopa chofewa n'kumamwetulira kuti akutumikira Mulungu. Mlongo wako naye chimodzimodzi, bulashi akuigwira ngati akutsuka mphika. Ndinawalanda. Kuyambira dzana ndikuwaphunzitsa, ndipo dokotala ndi wophunzira wabwino, kungoti amafunsa mafunso ambiri. Ndayendanso m'mashelefu onse. Nsapato zoyasama, zingwe zoduka, zidendene zopendama, ndipo eni ake akupemphera m'katimo osadziwa kuti atuluka n'kukagwa pamsewu.

Tchati chako chija ukachikonze. Asikhiwo uwadulire bokosi lawolawo, usawasiye pamamina. Ana akakufunsa kuti nsapato ya Msikhi imadziwika bwanji, uwauze kuti bambo ako anakaona okha: imatuluka m'kachisi yoyera kuposa mmene inalowera, ndipo mwini wake sadziwa amene waipukuta. Ine ndikadali wa tchalitchi chathu, usaope. Koma anthu awa anadyetsa mwana wanga miyezi isanu osamufunsa kuti ndi wa ndani, pamene ine bambo ake ndinkafunsa za guluu.

Chimene mlongo wako akuti anakulembera kuti akuyembekezera chija ndi mayeso a ntchito kukampani ina yomanga, Lachinayi likudzali. Kaya amutenga kaya samutenga, sapita ataponda katoni. Ndamumetetsa. Ndipo mawu anga sindinabweze, nsapato ndamuvuladi, zili m'thumba langa. Wavala zanga, zikumukwana ndi masokosi awiri. Ine ndikuyenda chopanda nsapato, koma kuno palibe amene akudabwa nazo.

Ndiye kuti ndibwere kumeneko, uyenera kunditumizira zida. Upatsire dalaivala, ndipo umuuze kuti akaziika m'jekete ndidzamusoka pakamwa. Nyundo yaing'ono, chitsulo chokhomerapo, mpeni wodulira soli, ulusi wakuda, phula, ndi chidutswa cha soli yokhuthala chili kuseri kwa chitseko. Guluu ndamupeza kuno, analipo pasitolo yoyandikana ndi kachisi nthawi yonseyi.

Telala akafunsa, umuuze zoona, kuti mpando unasiya kuzungulira ndipo mwana wanga ali pabenchi pambali panga. Soli imeneyi sindisoka ndekha. Masingano utumize awiri.

Ndine bambo ako.